Mwini banki wakwera kabaza

Kuyambira mu November 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, m'tauni muno simusowanso akatswiri a zachuma. Ali pometetsa, ali pachiwaya, ali pamzere wa mafuta, ena ali pamaliro kuseri kwa tenti komwe amuna amakambirana zonse kupatula za malemuyo. Kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande, yemwe chibadwire dola sanaigwirepo, akakweza mtengo amangoti, "Dola yakwera, mayi." Wogulitsa bonongwe womera yekha kuseri kwa bafa nayenso akuti ndi dola. Ukamufunsa ngati bonongweyo wachokera ku Dubai, sachedwa kuyankha: "Nanga sopo ndimagula ndi masamba?" Apo ndiye wakugwira pakamwa, ungolipira.

Sikuti anthu akungolongolola. Kwacha inagwa mu 2012, inagwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako kunabwera chikwanje cha 2023 chija. Mu 2016 tinalandira K2,000 ya John Chilembwe tikuiopa kuiphwanya. Mu 2022 kunabwera K5,000 ya Kamuzu, ndipo lero mwana akaitenga kupita nayo kugolosale palibe amene amadikira chenje ndi mtima wonse. M'miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya katundu inkakwera ndi 30 peresenti n'kupitirira poyerekeza ndi chaka chapitacho. Aliyense waona ndi maso ake kuti ndalama yogona pansi pa matiresi, kapena yongokhala mu akaunti yosungira, imadzuka itawonda. Choncho tauni yonse yagwirizana chimodzi: ndalama isagone. Pomwe pali mkangano m'pakuti ikagwire ntchito kuti.

Ndiye kwabadwa mtundu watsopano wa munthu, mwini masheya. Msika wa masheya, Malawi Stock Exchange, uli ku Blantyre mumsewu wa Victoria Avenue, ndipo si wa dzulo: kampani yoyamba kugulitsa masheya ake pamenepo inali NICO mu 1996. Makampani ake mpaka pano sakwana 20, ena mwa iwo ndi National Bank, Standard Bank, NBS, Illovo, Press Corporation, TNM ndi Sunbird. Kwa zaka zambiri anthu ankadutsa pakhomo pake akuthamangira kukaunjika, osacheuka n'komwe. Mu 2020 Airtel Malawi inagulitsa masheya kwa anthu pa K12.69 imodzi, FDH Bank pa K10. Ambiri anati ndi za azungu ndi amwenye. Pofika kumapeto kwa 2024 sheya ya K10 ija inali itapitirira K100, ndipo apa m'pamene tauni inadzidzimuka.

Oyamba kuonekera anali a gulu la "ndikanagula". Awa ndi ochuluka ndipo masamu awo salakwa. Bambo amakhala pabala, foni ili m'manja, akuwerengera chuma chomwe akanakhala nacho akanaika K500,000 mu 2020. Amawerengera mpaka mtundu wa matailosi omwe akanaika m'bafa. Zoti mu 2020 momwemo K500,000 analibe, ndipo anali ndi ngongole ya miyezi iwiri ya lendi, masamuwo sazikhudza. Akamaliza amapuma mozama, n'kupempha mnzake amugulireko imodzi yozizira chifukwa mtima wawawa.

Achiwiri ndi omwe anaguladi. Mkulu wina wotere anapita kwa broker ndi chiphaso chake cha unzika, anatsegulitsa akaunti, anagula masheya 500 a banki ina. Kuyambira tsiku limenelo kayendedwe kanasintha. Sanenanso kuti "banki ija", amati "banki yathu". Tsiku la malipiro, mzere utafika panja, anasendera kwa mlonda.

"Achimwene, mzerewu bwanji sukuyenda? Mukudziwa kuti ine ndi mmodzi mwa eni ake a malo ano?"

"Zikomo kwambiri, bwana," anatero mlonda, chipewa atagwira m'manja. "Koma eni akenso amayambira kumbuyo uko."

Anaima maola awiri, anatapa K15,000, anatuluka n'kukodola wa kabaza. Anthu anamumva mwini banki akunenerera kuti amuchotsereko K200 chifukwa njira yake ndi yotsetsereka.

Tsiku lake lalikulu ndi la msonkhano wapachaka wa eni masheya, womwe umachitikira kuhotela. Amavala jekete ya paukwati, amalandira chibuku cha malipoti chonenepa, amachitsegula pakati n'kumagwedeza mutu pamene wapampando akuwerenga mabiliyoni. Nthawi ya mafunso ikakwana amaimirira, n'kudzitchula mayina onse atatu, kenako n'kufunsa chifukwa chake chaka chino masamusa achepa. Dividendi ikalowa pakapita masabata, atadulapo kale msonkho, imakhala yosakwana ndalama yomwe anayendera kupita kumsonkhanoko. Komabe uthenga wa kubankiwo saufufuta. Amausunga kuti azionetsa anthu, chala chitaphimba pomwe pali nambala.

Tisamuseke mopitirira. Mu 2023 ndi 2024 mitengo ya masheya pamsikawu, tikaiphatikiza pamodzi, inakwera kuposa mmene katundu anakwerera m'sitolo, kotero mwa anthu onse a munkhani ino ndi iye amene ndalama yake sinawonde. Masheya amagwanso, ndipo iye sanaonebe tsiku loterolo, koma pakadali pano vuto lake ndi lina: chuma chake sichioneka. Kale ankapereka satifiketi ya pepala yoti munthu n'kuiika mufelemu pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Kuyambira cha mu 2018 zonse zinalowa mukompyuta. Alamu ake atabwera kuchokera kumudzi anafunsa mwaulemu, "Alamu, masheya tikumvawo ali kuti, tiwaoneko?" Iye anatulutsa foni. Alamuwo anayang'ana, anayamika, ndipo atabwerera kwawo anakanena kuti mlongo wawo akuvutika, mwamuna uja anamupusitsa anthu a pa intaneti.

M'tauni muno chuma chimafunika chikhale ndi mpanda. N'chifukwa chake puloti ndi mfumu ya zonse. Munthu akangopeza kangachepe amathamangira ku Chileka kapena ku Mpemba, dobadoba ali patsogolo akuloza ndi dzanja: "Kuyambira pachulu apo mpaka pamtengo wa mango uwo, bwana, ndipo msewu wa tala ukudzadutsa pomwepa." Chulu chomwecho analozera anthu ena awiri sabata yatha, ndipo atatuwa adzadziwana tsiku lomwe aliyense adzabwere ndi njerwa zake. Amene wapulumuka pamenepa amayamba ndi mpanda ndi geti yachitsulo, nyumba ibwera pambuyo. Simenti nayo imamvera dola, ndiye maziko amakhala zaka zisanu ndi ziwiri akudikira. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi amatenga banja lonse kukayendera ntchito. Amaima pakati pa chimanga chomwe mlonda anadzala n'kumafotokoza: pano m'pabalaza, apo m'pogona alendo. Ana amavomera, akuthyola zisoso zomwe zakakamira masokosi.

Pamene bambo akuloza zipinda zam'maganizo, mayi ali pakhonde la mnzawo, pomwe ndalama zenizeni zikusinthana manja. Banki mkhonde ilibe mlonda, ilibe makina oziziritsira mpweya, koma malamulo ake ngakhale bwanamkubwa wa Reserve Bank angatuluke thukuta. Amayi khumi ndi asanu akhala pamkeka, nsapato zili pambali, pakati pali mbale ya pulasitiki ndi kope la sukulu lokutidwa ndi nyuzipepala. Amatsegula ndi pemphero. Wochedwa, chindapusa. Foni ikalira, chindapusa. Wonong'ona pamene mlembi akuwerenga, chindapusa. Wojomba popanda maliro kapena matenda, chindapusa chowirikiza, ndipo matendawo gulu limatuma anthu awiri kukazonda, mbali ina chifundo, mbali ina kafukufuku.

"Amake Junior, mwezi watha munatenga K100,000. Tikuyembekeza K120,000."

"Amayi apampando, geni sinayende, tomato anaola."

"Pepani kwambiri, asisi. Tomato waolayo tamumva. Ndalama ili kuti?"

K20 pa K100 iliyonse pamwezi ndi chiwongoladzanja chofala m'magulu ambiri. Pachaka ndi 240 peresenti, osawerengera chiwongoladzanja choberekana. Pamene Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti pachaka mu February 2024, tauni yonse inalira kuti mabanki atipha. Anthu omwewo Lamlungu masana anakapereka 20 peresenti ya pamwezi akuseka. Magulu ena amachita kukakamiza kuti aliyense akongole, afune asafune, kuti ndalama iswane. Ndiye mayi amatenga ngongole yomwe saifuna, n'kukaisunga m'chikwama mwezi wathunthu, n'kuibweza ndi chiwongoladzanja chochokera pandalama ya ndiwo. December akafika amagawana, atavala chitenje chofanana, mpunga ndi nkhuku zili pamoto, nthungululu zili m'mwamba. Mayi uja amavina kulandira phindu lomwe mbali yake yaikulu inatuluka m'thumba lake lomwe. Koma tinene zoona, akanapanda kuopa manyazi a pamkeka paja, ndalama imeneyo ikanathera zigege ndi perekaniperekani wa maukwati a anthu osawadziwa. Feteleza ndi fizi ya January m'makomo ambiri zimachokera pamenepa.

Bambo kunyumba amaitcha "timagulu ta azimayi". Amatero pa 5. Pofika pa 18 amayamba kuyankhula mofatsa, kuthandiza kusenda anyezi, kenako usiku: "Amayi, kugulu kwanu kuja simunganditengereko kangachepe? Ndibweza pa 27." Dzina lolembedwa m'kope ndi la mayi, ndipo tsiku lomwe gulu lidzabwere kudzanyamula firiji, bambo adzakhala ali kumsonkhano wofunika kwambiri.

Ngozi ya banki mkhonde imadziwika ndi nyengo. Chakumapeto kwa November foni ya msungichuma imayamba kuvuta netiweki. Kenako kumamveka kuti wathamangira kumudzi, kuli matenda. Magulu a masiku ano omwe amangokumana pa WhatsApp n'kumatumizirana pa Airtel Money ndi Mpamba ndiye zimaphweka kwambiri: munthu amangotuluka pagulu, chithunzi chake n'kuzimiririka.

Za katapila sitinenapo zambiri, poti amene anapitako sakonda kukumbutsidwa, ndipo khadi lake la ATM likadali komweko. Anyamata nawo ali ndi msika wawo wa masheya, wotsegula Loweruka masana mpira wa ku England ukamayamba. Aliyense wa iwo anatsala pang'ono kuphula mamiliyoni. Inangolakwa timu imodzi.

Pali ndalama imodzi yokha yomwe munthu wa pantchito amasunga mosalephera, chifukwa saigwira n'komwe. Kuyambira mu 2011, lamulo la penshoni limati wantchito azidulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, bwana aziwonjezerapo 10 peresenti, zonse zizipita kukampani yosunga penshoni. Wantchito akaona mzere umenewo papepala la malipiro amadandaula kuti akumubera. Sadziwa kuti ndalama zambiri za penshoni zimakagula masheya pamsika wa pa Victoria Avenue womwe uja, kotero naye ndi mwini banki, kungoti sanauzidwe kuti agule jekete.

Tsiku lopuma pantchito likafika, anzake amamuchitira phwando, amamupatsa wotchi yapakhoma kuti aziona nthawi yomwe alibenso nayo ntchito. Lamulo latsopano la 2023 limalola kutenga mpaka theka la ndalamazo nthawi imodzi, pomwe kale inali 40 peresenti. Nkhani imeneyi imafika kumudzi ndalama isanalowe mu akaunti. Adzukulu omwe sanaonekepo chiyambire amatulukira, aliyense ndi envulopu ya mavuto. Pabala dzina limasintha, amene anali "madala" tsopano ndi "bigi". Kutchalitchi amasankhidwa kukhala mlendo wolemekezeka pa pepa sande. Alangizi amachuluka, ndipo onse amathera pamawu amodzi: papsa tonola, gulani minibasi.

Minibasi imagulidwa, yakale ya ku Japan yodzera ku Dar es Salaam, kumbuyo n'kulembapo vesi. Mwezi woyamba dalaivala amabweretsa ndalama yonse yomwe anapangana, mpaka kugwada popereka. Mwezi wachiwiri: "Lero sizinayende, bwana, apolisi anali ponseponse." Wachitatu ndi tayala, wachinayi mafuta anasowa, tinagona pamzere. Mwezi wachisanu ndi chimodzi dalaivala wagula puloti. Chaka chisanathe minibasi ili pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pampando wa kutsogolo, ndipo mazirawo ndi phindu loyamba lokhazikika lomwe galimotoyo yabweretsa. Adzukulu aja anabwerera kalekale. Chomwe chikugula ufa ndi theka lotsala lija, lomwe limabwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, lomwe bambo ankalitukwana kuti boma likumuletsa kudya thukuta lake. Nalonso likuchepa mphamvu chaka ndi chaka, chifukwa shuga sadikira wopuma pantchito.

Zikafika apa amatulutsa pulani yomaliza, yomwe inalipo kuyambira kale: "Mwana wanga ali ku Joni." Mwanayo amatumizadi pa Mukuru akakumbuka. Kungoti naye ali ndi lendi yake, ali m'gulu lake la chipereganyu, ndipo akusonkhanitsa ndalama yoti adzagule minibasi akadzabwerera.

Koma onsewa ali ndi mwayi poyerekeza ndi amene amafika tsiku la wotchi yapakhoma n'kupeza kuti ndalama ankadulidwa zija sizinkapita kulikonse. Reserve Bank, yomwe imayang'anira za penshoni, yakhala ikudandaula kwa zaka zambiri za mabwana omwe amadula 5 peresenti ija koma osaitumiza, ndipo ngongole yotereyi ili m'mabiliyoni. Inu amene muli pantchito, sabata ino funsani dzina la kampani yomwe imasunga penshoni yanu, mupiteko ndi chiphaso chanu, mukapemphe sitetimenti, muone ngati miyezi yonse ilimo. Mukapeza mipata, musayambe mwapita pabala kukafotokozera anzanu. Yambani mwagogoda ku ofesi ya abwana, pepalalo lili m'manja.