Kodi ku Joni n'kutali bwanji?

Odziwa amati kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa OR Tambo ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,500. Sindikutsutsa. Koma anayeza ndani? Anayeza ndi chiyani? Njira ya basi timaidziwa: Dedza kapena Mwanza, kenako Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka kukuchera uli pa mpando. Nanga kumwambako, kopanda msewu, muyezo amauyambira pati?

Amatinso ndege zikuluzikulu zimathamanga makilomita oposa 800 pa ola. Mwana wa sukulu agawe 1,500 ndi 800. Maola sakwana awiri. Chonsecho pa tikiti pamalembedwa maola awiri ndi mphindi zina zambiri. Zachokera kuti mphindizo? Akuti nthawi ya pa tikiti imayamba ndege ikangosuntha pomwe inaima, n'kutha ikakaimanso uko yafika. Kukwawa pansi, kudikira chilolezo, kukwera, kutsika, zonse zili momwemo. Chabwino. Ngati amawerenga zonsezo, bwanji sawerenga maola awiri kapena atatu aja amatiuza kuti tifikiretu pa bwalo? Amenewo si ulendo?

Wa ku Blantyre ndiye umandizunguza kwambiri. Kumwamba, kuchokera ku Lumbadzi kukafika ku Chileka, makilomita safika 250, ndipo ndege sitha ola. Pa msewu wa M1 ndi makilomita oposa 300, basi n'kutenga maola anayi kapena asanu. Koma taganizani. Munthu wanyamuka ku Kawale. Wapita kaye kumpoto, makilomita oposa 20, pomwe ulendo wake ndi wa kummwera. Wadikira. Wauluka. Watsika ku Chileka, wadikira chikwama, wafunafuna galimoto yopita m'tauni. Mnzake amene wakwera basi wafika pati nthawi imeneyi? Ndiye ulendo wosakwana ola uja ndi wa ndegeyo kapena wa munthuyo?

Ku Nairobi nako kuli zake. Mtunda wake kuchokera ku Lilongwe sukusiyana kwenikweni ndi wa ku Joni. Koma mukaona nthawi yonyamuka ndi yofika, kukhala ngati ku Nairobi kwatalikira ndi ola lathunthu. Akuti wotchi ya ku Kenya ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi, pomwe ya ku South Africa ikufanana ndi yathu. Popita ola lataika, pobwera lapezeka. Nanga amene wapita osabwerera, ola lake amalipeza liti?

Ndamvanso za London ndi New York. Mtunda ndi umodzi, makilomita pafupifupi 5,500. Kupita ku New York ndi maola pafupifupi asanu ndi atatu, kubwerera pafupifupi asanu ndi awiri. Mizinda sinasunthe. Akuti kumwamba kwenikweni kuli mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo kupita kummawa, imene imakankha ndege yobwerera ku London, n'kumalimbana ndi yopita. Akutinso oyendetsa amasintha njira tsiku ndi tsiku potsata kapena pothawa mphepoyo. Tsono ngati njira ya lero si ya mawa, 5,500 uja ndi wa tsiku liti?

Inu ogulitsa matikiti, mayi akubwera kudzafunsa kuti mwana wawo akafika nthawi yanji ku Joni. Musangowawerengera manambala a pa pepala. Auzeni nthawi yochokera pakhomo, ndi nthawi yoti ayambe kuyembekeza foni.