Kuthamanga Si Kufika, Ngakhale Uli ndi Injini Ziwiri

Makolo amene anatisiyira mwambi woti kuthamanga si kufika anamwalira asanaonepo chinthu chaliwiro kuposa gwape ndi mphekesera za pachitsime. Ankalangiza mwana wopupuluma potumidwa, kapena mnyamata wothamangira kufunsira mbeta asanadziwe n'komwe kuti mtsikanayo kwawo n'kuti. Sankadziwa kuti kudzabwera nthawi imene munthu adzagula liwiro ndi ndalama, n'kulitsekera m'shedi pabwalo la ndege, n'kulilembera mlonda.

Liwiro logulali lili ndi mayina, ndipo limodzi mwa mayinawo ndi Gulfstream G650, ndege ya ku Savannah m'dziko la America imene inayamba kunyamula anthu mu 2012. Ili ndi injini ziwiri za Rolls-Royce chakumchira, imanyamula anthu osaposa 19, ndipo ikamwa mafuta n'kukhuta imatha kuuluka makilomita pafupifupi 13,000 osatera. Pa ola limodzi imadutsa makilomita oposa 900. M'kati mwake munthu wamtali amayenda osawerama, mipando imasanduka mabedi, ndipo khitchini ili momwemo. Yatsopano inkagulidwa madola a ku America pafupifupi 65 miliyoni. Musadzivute kuwerengetsa m'makwacha, chifukwa pamene muzimaliza kuchulukitsa, kwachayo ikhala itagwanso.

Anansi athu a ku Zambia, amene malire awo sali patali ndi Edingeni ku Mzimba, anagula imodzi yotere mu ulamuliro wa Edgar Lungu. Hakainde Hichilema ali kumbali yotsutsa analonjeza kuti adzaigulitsa, ndipo atapambana mu 2021 anapita ku New York pa ndege ya Qatar Airways, yokwera aliyense amene wagula tikiti. Ife a Malawi tinangomwetulira, poti gule ameneyo tinavina kale.

Yathu inali Dassault Falcon 900EX, ya injini zitatu, chifukwa ife tikafuna kudzionetsa sitichita mwatheka. Bingu wa Mutharika anaigula mu 2009 pa madola pafupifupi 22 miliyoni. Boma linati kukhala ndi yakoyako n'kotchipa kusiyana ndi kubwereka, mawu amene aliyense amene anagulapo galimoto yakale amawadziwa, ndipo amadziwanso mmene amathera. Dziko la Britain linakwiya n'kudula mapaundi 3 miliyoni pa thandizo lake. Pofika 2011 dziko lonse linali pamzere wa petulo, anthu akugona m'magalimoto ndi zigubu pambali, pamene chinthu chothamanga kwambiri m'Malawi muno chinali chikhalire pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Ndege yotere ili ngati ng'ombe yapangolo imene imadya madeya ngakhale mwezi umene sinakoke kanthu: inshuwalansi, amakaniko ndi oyendetsa amafuna zawo kaya yauluka kaya sinauluke.

Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012 anati igulitsidwe. Mu 2013 inapita kwa kampani ya Bohnox Enterprises ya ku Virgin Islands pa madola 15 miliyoni, ndipo tinamva kuti ndalamazo zigulira chimanga anthu ovutika ndi njala. Chaka chotsatira nduna ya zachuma, Maxwell Mkwezalamba, inaulula kuti ndalamazo sizinalowe m'thumba lalikulu la boma, koma zinakachepetsa ngongole ya zida za asilikali ku Paramount Group ya ku South Africa. Ngakhale ndalama za ndege zinatengera mwambo wa mayi wake. Zinanyamuka ndi liwiro, koma kufika ayi.

Palinso Gulfstream III ya mneneri Shepherd Bushiri, ya injini ziwiri, imene akuluakulu a boma la South Africa anaigwira pabwalo la Lanseria mu February 2019 pa milandu ya ndalama imene mwiniwake amaikana. Mu November 2020 mneneri anapezeka ali kumudzi kuno, osati pa ndege yakeyo. Pa awiriwa, amene anali ndi mapiko ndiye anatsala.

Koma malo abwino oyeserapo mwambiwu ndi Edingeni, kulikulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, m'boma la Mzimba. Kumeneko pafupifupi banja lililonse lili ndi wake ku Joni, ndipo nyumba zambiri za malata zimene mumaziona m'mbali mwa msewu zinamangidwa ndi thukuta la kukhitchini za malesitilanti ndi m'magadeni a ku Johannesburg ndi Cape Town. Anthu a kumeneko sauzidwa za mtunda. Amaudziwa ndi msana.

Tiyerekeze kuti mwana wina wa ku Edingeni zamuyendera kwambiri ku Joniko. Anayamba ndi kutchetcha kapinga, lero ndi khumutcha, ndipo wagula G650. Uthenga wafika pa WhatsApp ya banja kuti mng'ono wake wapeza mbeta, nkhani ya malowolo ikambidwa Lolemba, onse abwere. Msuweni wake, amene akadali wotsuka mbale, wamanga katundu n'kukwera basi pa Park Station ku Joni Lachisanu. Khumutcha wamuseka. Iye anyamuka Lolemba lomwelo m'mawa, atamwa tiyi kunyumba kwake.

Ndipo kunena zoona, chigawo choyamba cha ulendo n'chake. Kuchoka pa Lanseria kufika pabwalo la Kamuzu ndi maola awiri okha. Mtsinje wa Zambezi waudutsa akusankha pakati pa nsomba ndi nyama ya nkhosa. Nthawi ya 10 koloko watsika pa Lumbadzi, nsapato ikuwala, malaya osakwinyika.

Mungafunse kuti bwanji osatera ku Mzuzu. Msewu woterapo ndege wa ku Mzuzu ndi wa mamita pafupifupi 1,300, pamene G650 yodzaza imafuna mamita oyandikira 1,800 kuti inyamuke. Woyendetsa ndege amene amakonda ana ake sangayese dala. Choncho madola 65 miliyoni aja amathera pa Lumbadzi, ndipo kuchokera pamenepo khumutcha ndi Mmalawi ngati ife tonse. Kutsogolo kwake kuli M1: Mponela, Madisi, Kasungu, Nkhamenya, mpaka Jenda, makilomita pafupifupi 200 a mbuzi zosadziwa hutala, njinga zosenza matumba a makala, ndi mathiraki a fodya oyenda mosinkhasinkha. Pa rodibuloko ya pa Jenda wapolisi safunsa kuti m'mawa munali pamwamba pa mitambo kapena ayi. Amafuna laisensi, n'kusuzumira m'buti.

Pa Jenda akhotera kumadzulo, kulowera ku Embangweni. Msewu wa Jenda–Edingeni ndi umodzi mwa misewu yotchuka kwambiri m'Malawi, osati chifukwa cha ubwino wake, koma chifukwa cha kuchuluka kwa anthu amene anaulonjeza. Ukanakhala kuti umamangidwa ndi malonjezo a pamsonkhano wa ndale, bwenzi uli ndi mizere inayi ndi magetsi. Tsono nkhani yathuyi ikuchitika mu January, mvula yagwa usiku wonse, ndipo pamalo pamene phula silinafike galimoto yahayala ya khumutcha yakhala pansi ndi mimba. Matayala akuzungulira, matope akuuluka, galimoto siikusuntha. Anyamata atuluka m'minda n'kuima mozungulira, manja kumbuyo, akukambirana mtengo wokankhira. Atayang'ana nsapato zija, mtengo wakwera.

Pamapeto pake amene wamupulumutsa ndi mkulu wina wa ngolo ya ng'ombe ziwiri. Nayonso ndi ya injini ziwiri, ndipo siifuna mamita 1,800 kuti inyamuke.

Wafika pamudzi dzuwa litapendeka. Msuweni uja anafika dzulo, ndipo wagona kale tulo tabwino. Anabwera ndi firiji yomangidwa m'makatoni, matiresi awiri, mabulangete, zigubu za mafuta ophikira, shuga, sopo, ndi njinga ya mwana. Mudzi wonse unaona katunduyo akutsitsidwa. Khumutcha watsika pangolo ndi kachikwama kamodzi ka matayala ndi mafoni awiri. Agogo amuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatope a m'miyendo, n'kuyamba mafunso m'Chitumbuka chawo chosathamanga.

"Iwe, katundu wako akubwera pambuyo?"

"Ayi agogo, ndangobwera chonchi. Ndabwera pa ndege yangayanga."

"Ili kuti?"

"Ndaisiya ku Lumbadzi, agogo."

"Waisiya kwa yani?"

"Ili pabwalo la ndege, akuiyang'anira."

"Ndiye kuti wabwera pa ngolo."

Palibe khoti limene lingasinthe chigamulo chimenechi. Agogo aona ngolo ndi maso awo. Ndege angoimva, ndipo pa moyo wawo amva zambiri kwa ana ochokera ku Joni.

Chomupweteka kwambiri chikubwera pa malonje. Kwathu kuno munthu sanafike mpaka atakhala pansi, wamkulu aliyense atamupatsa moni payekhapayekha, kenako n'kufotokoza mmene wayendera. Apa msuweni ndiye mfumu. Ali ndi nkhani ya mzere wa pa Beitbridge umene unawagoneka chiimire. Ali ndi ya tayala limene linaphulika asanalowe Harare, ya osintha ndalama a pa Nyamapanda, ya kutentha kwa ku Tete kumene madzi a m'botolo anasanduka ofunda, ya mayi wina amene anakangana ndi kondakitala kuchokera pa mlatho wa Zambezi mpaka pachipata cha Dedza. Amuna akupukusa mitu, amayi akuwomba m'manja, ana aiwala kukatsekera mbuzi. Itafika nthawi ya khumutcha, malonje ake ndi awa: tinanyamuka, tinadya, tinatera. Anthu adikira kuti apitirize. Palibe. Mkulu wina wakhosomola, n'kupempha msuweni kuti abwereze ya tayala ija.

Anthu a ku Edingeni ali ndi chifukwa chosatengekera ndi liwiro. Makolo awo anayenda ulendo womwewu wapansi. Angoni a Zwangendaba anachoka kumwera m'zaka za m'ma 1820, n'kuwoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa. Anapitirira mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kumene Zwangendaba anamwalira cha m'ma 1848, ndipo a M'mbelwa anabwerera chakumwera n'kudzakhazikika kumpoto kwa Malawi m'zaka za m'ma 1850. Zaka zoposa 30 panjira, ndi ng'ombe, ana ndi nkhalamba. Koma anafikadi, moti mpaka lero zidzukulu zawo zimasonkhana paphiri la Hora mwezi wa August pa mwambo wa Umthetho, kuvina ingoma ndi kufuula Bayethe. Mtundu umene unatenga zaka 30 kuchoka kumwera sungagwe m'mimba chifukwa wina watenga maola awiri n'kukathera m'matope a ku Embangweni.

Ndegeyo sindikuida. Kwa munthu amene ntchito yake ili pakati pa London, Dubai ndi Johannesburg, kumene bwalo lililonse lili ndi msewu wautali ndipo galimoto imadikira pakhomo pa ndege, liwiro limenelo ndi ndalama. Kwa wodwala amene akufunika dokotala wa kunja usiku womwewo, ndi moyo. Chimene chimandiseketsa n'chakuti ife timayamba kugula mbali ya ulendo imene inali yosavuta kale. Pakati pa Johannesburg ndi Lilongwe pali thambo lopanda maenje, ndipo ndege za anthu onse zimadutsapo sabata iliyonse. Povuta ndi pakati pa mudzi ndi chipatala cha mishoni cha Embangweni, pamene mayi wapakati amakwera njinga yamoto yakabaza usiku mvula ikugwa. Pamenepo sitimva kuti boma lapeza madola 22 miliyoni mwadzidzidzi.

Ndipo matendawa si a okhala ndi ndege okha. Tonse tili ndi kandege kathu m'thumba. Uthenga wa maliro umachoka ku Edingeni n'kufika ku Cape Town mtembo usanasambitsidwe, chithunzi cha malemu n'kuzungulira magulu asanu a WhatsApp, koma chipepeso cholonjezedwa pamenepo chimayenda ulendo wa Zwangendaba. Munthu amalemba kuti "ndili panjira" ali m'bafa.

Tibwerere kwa khumutcha, amene tsopano wasamba madzi a m'ndowa ndipo wavala buluku lobwereka kwa msuweni, poti lake likuuma pachingwe. Foni yalira. Ndi woyendetsa ndege, akufunsa mwaulemu kuti bwana anyamuka nthawi yanji mawa, chifukwa pabwalo amalipiritsa malo oimikapo ndege, ndipo iye ndi mnzake ali kuhotela ku Lilongwe pa bilu ya bwanayo. Khumutcha wayang'ana wotchi yake yodula, wapita pamene akhala bambo ake aakulu, wagwada.

"Adada, nkhani ija tiyamba nthawi yanji? Ine mawa ndili ndi msonkhano ku Sandton."

Mkuluyo wamaliza kaye kufwenkha fodya wake, wapukuta mphuno, wayang'ana kukhola.

"Lero sizitheka, mwana wanga. Thenga wa ukwatiwu wapita kumaliro ku Manyamula. Akuti abwera Lachinayi, ngati mtsinje waphwa."