Nkhanga ziwiri, dzira palibe

Mkulu wina, yemwe ulimi wake umathera pa maluwa a pakhonde, adaganiza zoweta nkhanga. Adatsetserekera kumsika ku Old Town, chakufupi ndi Malangalanga, n'kuuza venda kuti akufuna yaimuna ndi yaikazi. Venda adazitembenuzatembenuza, n'kuziuzira nthenga. "Ili ndi banja, bwana. Zidachita kutomerana."

Nkhanga zimaikira nthawi ya mvula. Dzinja lidatha, madeya akungopita, dzira osaoneka. Mayi a kunyumba adafunsa: "Bambo a ana, tikuweta kapena tikusunga alendo?"

Adamasula nkhaniyi ndi mphwake wophunzira ku Bunda. "Amalume, nkhanga ndi monomorphic." Mkuluyu adayesa ndi matenda, mpaka adafunsa mtengo wa katemera. Chonsecho ndi mawu a sayansi ochokera ku Chigiriki, otanthauza chinthu cha maonekedwe amodzi. Pa mbalame, ndiye kuti yaimuna ndi yaikazi zimavala zofanana. Nkhuku si choncho, zija amati dimorphic: tambala ndi thadzi ngakhale mwana wa mkaka amazisiyanitsa.

Mbalame za monomorphic zadzaza mu Lilongwe muno. Akhwangwala olondalonda zotsala za tchipisi kudepoti, bambo ndi mayi onse ndi a kolala yoyera. Nkhwazi ya pa chizindikiro cha dziko lino nayo nthenga n'zimodzimodzi, kungoti yaikazi ndiyo yokula thupi, mfundo imene mayi aja adaiombera m'manja. Charles Darwin adafotokoza mu 1871 kuti zazimuna zimadzikongoletsa polimbirana zazikazi. Nkhanga nyengo yoswana zimayenda ziwiriziwiri, ndiye suti yodula ya chiyani?

Njira yozidziwira ilipo, koma imafuna khutu. Yaikazi polira imatulutsa mawu awiri otsatizana, n'kumabwereza. Yaimuna imangokuwa liwu limodzi. Ndevu ndi kanyanga kapamutu zimakulirapo pa yaimuna, koma zimenezo zimapusitsa ngakhale akatswiri. Alimi ochenjera savutika nazo: amagula mazira n'kuikira thadzi, lifungatire masiku 26 mpaka 28, pamene ake omwe amaswa pa 21.

Mkuluyu adalawirira kukhola ndi mpando, khutu tcheru, aneba akusuzumira pampanda. Yoyamba idakuwa liwu limodzi. Yachiwiri idayankha chimodzimodzi. Madeya onse aja ankadyetsa mbeta zachimuna ziwiri.

Mayi aja adangofunsa mphwake uja ngati nyama yake nayonso ndi monomorphic. Atavomera, adatuma mwana akagule tomato ndi anyezi.