Malangizo kwa Akatswiri a "Ndimangoyesa"

Pali anthu amene akagwidwa dzanja lili m'thumba la mnzawo amakwiya kuposa mwini thumba. "Ndatenga chiyani? Ndisecheni!" Mukawasecha n'kupeza kuti alibe kanthu, amadikira kuti muwapepese. Oterewa akalakalaka usilikali wa ku America ayambe amva kaye malangizo awa. Asilikali kumeneko ali ndi malamulo awoawo, Uniform Code of Military Justice, omwe anayamba kugwira ntchito mu 1951, ndipo ndime 80, ya mlandu woyesa kupalamula, analembera inuyo achimwene.

Choyamba, gulani machesi ochuluka. Buku lotsogolera makhothi a asilikali, Manual for Courts-Martial, limati kugula machesi ndi cholinga chokatentha mulu wa udzu n'kukonzekera chabe. Ndiye gulani, ikani m'thumba, muziuzungulira muluwo m'mawa ndi madzulo mukuuyang'ana ndi diso loipa. Koma tsiku limene mudzayatse kamtengo kamodzi n'kukakhudzitsa pa udzupo, mlandu mwaupeza, ngakhale mphepo izimitse motowo usanagwire. Khothi limafuna zinthu ziwiri: cholinga chenicheni chopalamula, ndi sitepe yopitirira kukonzekera.

Chachiwiri, pisani m'thumba lopanda kanthu. Mukatero mudzalowa m'ndende ya ku Fort Leavenworth muli ndi mtima woyera, mukudziwa kuti simunadye ndalama ya munthu. Kwa woweruza, umphawi wa amene mumafuna kumubera si umboni wa ulemu wanu.

Chachitatu, muiwale kuika zipolopolo. Lozani mnzanu mfuti mukukhulupirira kuti ndi yodzaza, yesani kuwomba, ingolira "khe", kenako nenani kuti palibe wafa. Apa ndiye nthabwala zimandithera. Munthu uja anaima kutsogolo kwa mfutiyo ali moyo chifukwa cha kuiwala kwanu, osati chifundo chanu. Mumafuna kumupha, ndipo mlandu wake ndi woyesa kupha. Ndatopa ndi anthu amene amatenga mwayi wa wopulumuka n'kuuvala ngati mendulo yawo.

Chachinayi, lapani, koma musankhe bwino chifukwa cholapira. Lamulo limamasula munthu amene wasiya yekha, kotheratu, mlandu usanachitike, chifukwa mtima wake wamuuza kuti akulakwa. Tsoka lake, mitima yambiri imayamba kulankhula ikamva nsapato za sajeni pakhonde. Kulapa kobwera ndi tochi ya mlonda sikuwerengedwa. Kusiya chifukwa loko walimba, chifukwa mwini katundu wadzuka, kapena chifukwa mwaona kuti Loweruka zidzayenda bwino, konseko khothi limakutcha kusintha pulogalamu.

Zotsalazi tingodutsamo mothamanga. Musayembekezere kutsitsiridwa mtengo chifukwa ntchito simunaimalize: chilango chachikulu cha woyesa n'chofanana ndi cha wochita, kungoti pa ndime 80 palibe chilango cha imfa, ndipo ukaidi sudutsa zaka 20 pokhapokha ngati mumayesa kupha munthu. Ofuna kuyesa kuthawa usilikali kapena kuukira akuluakulu asavutike n'kuloweza ndime 80, chifukwa anawasungira malo awoawo pa ndime 85 ndi 94. Pa nthawi ya nkhondo, kuyesa kuthawa kokhako kungathe kuphetsa munthu.

Lomaliza ndi la anthu onyada. Mwina akuimbani mlandu woyesa kuba, koma umboni ukuonetsa kuti munabadi. Mtima udzakuuzani kuti muimirire, muwongole yunifomu, munene kuti, "Bwana, mwandinyoza. Ine sindinayese, ndinachita." Khalani pansi achimwene. Ndime 80 inakuoneranitu patali: imalola khothi kukupezani wolakwa pa kuyesa ngakhale zitadziwika kuti ntchitoyo munaimaliza. Loya wanu ali kale ndi mavuto okwanira.