Ulemu kwa Fyuluta, Sing'anga wa mu Foni

Anthu a ku Domwe ndife osayamika. Timatama mbatatesi zathu, phiri lathu lopitirira mamita 2,000, ngakhalenso Angoni a Maseko amene anadzakhazikika kuno kalekale, koma palibe anapitapo ndi nkhuku kukathokoza fyuluta, kaja ka mu foni kokonzera zithunzi.

Mu Juni chisanu chikatsika m'phiri, milomo imang'ambika, miyendo nkutuwa mbuu. Fyuluta safunsa Vaseline. Mungokhudza pa Tecno yanu, khungu lasalala, ziphuphu zathawa, makwinya a zaka makumi asanu apita osatsanzika. Ku ulimi ndiye musanene. Chimanga chachikasu chosowa feteleza, mungowonjezera kubiriwira, munda wachira pompo. Alangizi ndi njinga zawo zamoto sanafikepo pamenepa.

Photoshop atatuluka mu 1990, mankhwalawa anali a eni makompyuta okha. Lero mnyamata wa pamsika ku Ulongwe, mukam'patsa timetikali, akuchotserani khola la mbuzi kumbuyoko nkukuimikani pakhomo pa nyumba yosanja.

Pali mlandu wina wakale umene Fyuluta waweruza mwanzeru. Mafilimu a Kodak ankayesedwa pa khungu la azungu, moti agogo athu pa zithunzi zina ankatuluka maso ndi mano okha. Fyuluta sanavutike nkuphunzira khungu lakuda. Wangotiyeretsa tonse, popanda kudzola mafuta aja owaula nkhope nkusiya zala zili bii.

Ansanje salephera. Akuti achimwene a ku Joni akaona pa WhatsApp banja lonse likunyezimira, chimanga chili biriwiri, amaleka kutumiza ndalama poganiza kuti kumudzi zayenda. Nanga si ulemu umenewo? Njala ndi yanu, koma mbiri yafika Johannesburg. Akutinso ankhoswe amatha kuchoka ku Dedza, kuoloka pa Calomue chithunzi chili m'manja, nkufunsa mbeta yeniyeniyo kuti, "Kodi achemwali anu aja ali kuti?" Apatu wolakwa ndi mtsikanayo, polephera kufanana ndi chithunzi chake chomwe.

Adani enieni a Fyuluta ndi aja opanga Bilhete de Identidade. Iwowa amakujambulani mmene mwafikiramo, fumbi la mumsewu lili m'nsidze, ndipo nkhope imeneyo mudzaionetsa kwa wapolisi aliyense mpaka chiphasocho chidzathe ntchito.