Kodi msewu woopsa ndi uti?

Pali nkhani ina imene palibe anandimasulirapo, ndipo mwina inunso simunauzidwe. Tonse timadana ndi kuthithikana kwa magalimoto. Taimani pa Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre nthawi yoweruka. Minibasi zandondozana, mahutala ali pipiii, kondakitala watulutsa mutu pawindo. Galimoto zikagundana pamenepo, nyali yakumbuyo imasweka, bampala n'kupindika, madalaivala n'kutsika kukalozana zala. Akatha kukangana, aliyense amakagona kwake. Kodi ngozi zimachuluka pamene magalimoto achuluka? Mwina inde. Nanga maliro, nawonso amachuluka pomwepo?

Ndikufunsa chifukwa cha zimene zinachitika ku America mu 2020. Covid-19 itavuta, anthu anabindikira m'nyumba ndipo magalimoto anachepa m'misewu. Ine ndikanati imfa zichepanso. Koma zinakwera. Anthu oposa 38,000 anafa pangozi za pamsewu, kuposa chaka cha 2019. Akatswiri ena akuti madalaivala ataona msewu uli mbee anayamba kuthamanga kwambiri. Ndiye kuti mzere wa magalimoto umene timautukwana uja umatitchinjiriza?

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati liwiro la magalimoto likakwera ndi 1 peresenti yokha, chiopsezo cha ngozi yopha munthu chimakwera ndi 4 peresenti. Limatinso munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, chiopsezo choti afe chimaposa kanayi poyerekeza ndi yothamanga 50. Pa anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amene amafa m'misewu chaka chilichonse, oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Ngati izi zikudziwika, bwanji msewu wabwino timauyesa ndi mphindi zimene dalaivala wapulumutsa?

Ku Lilongwe anakulitsa msewu wa Kenyatta kuti magalimoto aziyenda m'mizere isanu ndi umodzi. Ndi wokongola, sindikana. Koma taganizirani mayi wobereka mwana kumsana, dengu la tomato lili pamutu, akufuna kuoloka msewu wotakata chotero. Aponya phazi, abweza. Ayang'ana uku, ayang'ana uko. Kodi wina anawerengapo mphindi zake? Kodi olemba mapulani a misewu amaiolokapo ndi miyendo?

Sindikunena kuti kuthithikana n'kwabwino. Ambulansi imakanirira momwemo wodwala ali mkati. Dalaivala wotopa ndi kudikira amakhotera m'mphepete, momwe mumayenda ana asukulu. Wakabaza amapyoza pakati pa minibasi ziwiri, wokwera wake alibe chipewa. Ndiye tifune chiyani, msewu wodzaza kapena wopanda kanthu? Kapena palibe njira yoti magalimoto aziyenda osaima koma osathamanga?

Inu amene mumakhala m'misonkhano ya khonsolo, tatifunsirani: msewu wotsatira ukamakulitsidwa, oyenda pansi adzaolokera pati?