Kuno Mowa Amamwetsa DNA

Okondedwa achimwene,

Ine kuno ndilipo, kungoti chisanu cha Joni chaka chino chikulowa mpaka m'mafupa.

Chandilembetsa ndi ichi. Ku labu kuja ndimatsuka mabotolo kuli mowa, achimwene. Osati wamasewera ayi, pabotolo analemba 96%. Kachasu wamutu wa kwathu uko ndi madzi. Koma palibe amaulawa ngakhale dontho. Amamwetsa DNA.

Mtsikana wina wophunzira ntchito ndiye anandionetsa, pogwiritsa ntchito nthochi. Anaikanya m'kajumbo, n'kuthiramo madzi, sopo wotsukira mbale ndi kamchere, kenako n'kusefa. Akuti khungu la maselo ndi lamafuta, ndiye sopoyo amaliphwanya, DNA n'kutuluka. Koma ikatuluka simuiona, imasungunuka m'madzimo, zii. Apa mpamene ndinazindikira kuti DNA ndi amalume athu enieni. Apatseni madzi, muyesa anapita ku ulendo. Koma mtsikanayo atangotsira mowa wozizira wa mufiriji, pang'onopang'ono m'mbali mwa kabotolo, taonani! Tiulusi toyera, tonanda, tatulukira poyera, tikukumbatirana ngati tinasowana kalekale. Akuti DNA siisungunuka mu mowa, n'chifukwa chake imaundana. Mchere uja ndiye mkhalapakati, poti tiulusiti tili ndi mphamvu ya magetsi yofanana ndipo tokha timakankhana. Amalumenso pakapanda kanyenya wamchere, ndani amagwirizana nawo?

Ngakhale muyeso ndi wa amalume: madzi gawo limodzi, mowa magawo awiri kapena awiri ndi theka. Ikakhuta amaiika m'makina oizunguza mpaka chizungulire, n'kugwera pansi pa kabotolo, thapsa! Ndiye amaitsuka ndi mowa wina wofatsirako, wa 70%, ati kuchotsa mchere wotsalira. Ine ndinati iyayi asisi, musandinamize, kumeneku n'kupha matsire. Pomaliza amaisiya iume, n'kuipatsa madzi, ndipo imabwerera mwakale, yofatsa, ngati sinatukwane munthu dzulo. Ndinaseka mpaka abwana anasuzumira pakhomo.

Amalumewo musawauze, angagulitse mbuzi n'kukwera basi. Komanso mowa wina wa kunowu amathiramo dala methanol, poizoni wochititsa khungu.

Mtsikana yemweyo ndiye anandiuza kuti tiulusi timeneti ndi tomwe ankazindikirira anthu amene anapsa ndi moto uja wa ku Marshalltown kuno ku Joni mu Ogasiti 2023. Anafa anthu 76, Amalawi anzathu ali momwemo. Ena nkhope sizinkadziwika n'komwe, moti pankafunika m'bale wamagazi abwere, amutenge DNA, afananize. Ine kuno m'bale wamagazi ndilibe. Chipinda chimene ndimagona chili ndi khomo limodzi, zenera lake ndi lazitsulo, ndipo magetsi akathima tonse timayatsa makandulo ndi palafini. Usiku wa tsiku limene anandiuza zimenezi tulo sindinatione. Ndinkangoganiza kuti zitandigwera, adzabwera ndani? Inu pasipoti mulibe. Amayi ulendo wa basi wodutsa ku Mwanza ndi ku Tete sangauthe ndi miyendo yawo ija.

Ndiye ndalowa kagulu ka maliro ka anzathu ochokera kwathu konko. Timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya, thupi likafike kumudzi. N'chifukwa chake ndalama ya mwezi uno yachepa. Amayi musawauze zimenezi, angayambe kulira maliro a munthu wamoyo. Auzeni kuti lendi yakwera, zomwenso si bodza.

Pa zimene ndatumizazo, yambani mwagula mankhwala a amayi, yotsalayo musunge ya feteleza. Ndipo chonde achimwene, kayambeni zopangitsa pasipoti. Ndalama yake ndidzatumiza payokha ndikalandira kumapeto kwa mwezi wamawa.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Joni